EpCAM: PULOTENI YA MAYINA AMBIRI NDI NTCHITO YAKE PANKHONDO YOLIMBANA NDI KHANSA

1. Mawu Oyamba

M'chaka cha 1979 akatswiri anayi a pa Wistar Institute, mumzinda wa Philadelphia ku America, adalengeza zotsatira za kafukufuku amene adatsegula njira yatsopano yolimbanirana ndi khansa. Akatswiriwa, Meenhard Herlyn, Dorothee Herlyn, Zenon Steplewski ndi Hilary Koprowski, adabaya mbewa ndi maselo a khansa ya m'matumbo aakulu a munthu. Thupi la mbewa lidazindikira kuti maselowo ndi achilendo, ndipo lidapanga maantibodi, amene ali mapuloteni a chitetezo cha m'thupi okakamira pachinthu chimodzi chokha chimene adapangidwira. Pogwiritsa ntchito luso limene Georges Köhler ndi César Milstein adatulukira ku Cambridge m'chaka cha 1975, akatswiriwa adatha kupatula maantibodiwo mtundu umodziumodzi ndi kuwachulukitsa. Umodzi mwa mitunduyo, umene udadziwika ndi nambala yoti 17-1A, unkakakamira pamaselo a khansa ya m'matumbo. Chimene unkagwira pamaselowo ndi puloteni imene lero imatchedwa EpCAM.

Nkhani ino ifotokoza malo amene puloteniyi imapezeka, kapangidwe kake, ntchito zake, matenda obwera ikalakwika, ndiponso m'mene madokotala ayesera kuigwiritsa ntchito pozindikira ndi pochiza khansa. Mlembi, mkonzi kapena mphunzitsi amene akufuna kufotokoza nkhani zotere ayenera kuyamba wamvetsa chinthucho asadasankhe mawu ochitchulira, pakuti amene amawerenga nkhani za khansa nthawi zambiri ndi wodwala kapena mbale wake, ndipo liwu limodzi losokonekera likhoza kumpatsa chiyembekezo chabodza kapena mantha opanda pake.

2. Epitheliyamu ndi Khansa

Thupi la munthu lidamangidwa ndi maselo, tizipinda tamoyo tosaoneka ndi maso. Maselo ena amayendayenda okha, monga a m'magazi, pamene ena amayalana mothithikana ngati njerwa zapansi. Maselo oyalana chotere ndiwo amakuta kunja kwa thupi ndi kuyala m'kati mwa ziwalo zamphako, monga matumbo, njira zopumira, chikhodzodzo, chiberekero ndi tinjira ta mkaka m'bere. Gulu la maselo amenewa limatchedwa epitheliyamu. Liwuli adaliyambitsa ndi katswiri wa ziwalo za thupi wa ku Netherlands, Frederik Ruysch, m'chaka cha 1703, polumikiza mawu awiri a Chigiriki: epi, kutanthauza pamwamba, ndi thele, kutanthauza nsonga ya bere. Iye ankanena za kakhungu kokuta timatuza ta pamilomo, koma pambuyo pake tanthauzo lidakula.

Epitheliyamu ilipo ya mitundu ingapo. Ina ili ndi mzere umodzi wokha wa maselo, monga ya m'matumbo. Ina ili ndi mizere yambiri yosanjikizana, monga khungu. EpCAM imapezeka makamaka m'mtundu woyambawo: m'matumbo, m'tinjira ta ndulu, m'tinjira tina ta impso, m'kapamba wopanga insulini ndiponso m'bere. Siipezeka m'maselo ofiira a magazi kapena m'minofu, ndipo maselo okhwima a chiwindi alibe puloteniyi ngakhale kuti chiwindi cha mwana wosabadwa chimakhala nayo.

Selo la epitheliyamu lili ndi kumutu ndi kumiyendo. Mbali yake yapamwamba imayang'ana kumphako kumene kumadutsa chakudya, mpweya kapena mkodzo. Mbali za m'nthiti zimakhudzana ndi maselo anzake. Mbali yapansi imatsamira pamaziko. Chakumtunda kwa nthitizo kuli misoko yothina imene imatseka mipata kuti zinthu zisadutse mwachisawawa pakati pa selo ndi selo. M'thupi labwino EpCAM imakhala kunsi kwa misoko imeneyi, m'nthiti ndi pansi pa selo.

Chifukwa choti maselo a epitheliyamu amagawikana kawirikawiri polowa m'malo mwa anzawo otha, ndiponso amakumana ndi utsi, zakudya ndi tizilombo, ndiwo amene amasanduka khansa koposa ena onse. Khansa yochokera m'maselo amenewa imatchedwa kasinoma, kuchokera ku liwu la Chigiriki loti karkinos, kutanthauza nkhanu. Mwa khansa 100 zilizonse, pakati pa 80 ndi 90 zimakhala za mtundu umenewu. Apa ndi pamene pagona kufunika kwa EpCAM: zotupa zambiri za m'matumbo, m'chifu, m'mapapo, m'kapamba, m'bere, za prostate ndi za m'malo opangira mazira a amayi zimakhala ndi puloteniyi yochuluka, ndipo m'zotupamo imafalikira pankhope yonse ya selo m'malo mobisala kunsi kwa misoko.

3. Chinthu Chimodzi, Mayina Ambiri

M'zaka za m'ma 1980 magulu ambiri a akatswiri m'mayiko osiyanasiyana ankabwereza njira ya ku Philadelphia ija, aliyense ndi maselo ake a khansa. Popeza chitetezo cha mbewa chimaiona msanga puloteniyi, maguluwo ankangopeza chinthu chomwecho mosadziwa, ndipo gulu lililonse linkachipatsa dzina lake, kawirikawiri potsata nambala ya antibodi yawo. Motero m'mabuku a zaumoyo mudadzaza mayina onga 17-1A, GA733-2, KSA, ESA, EGP-2, EGP40, HEA125, MOC-31, Ber-EP4, 323/A3 ndi TROP-1. Akatswiri atawerenga jini yake chakumapeto kwa zaka zimenezo, zidaoneka poyera kuti mayina onsewa ndi a puloteni imodzi.

Chisokonezochi chidali ndi zotsatira zake. Wofufuza amene ankasaka zolembedwa pa dzina limodzi ankaphonya zimene anzake adalemba pa dzina lina, ndipo ntchito yomweyo inkabwerezedwa. Dzina loti Ep-CAM lidabwera m'chaka cha 1994, ndipo ndi chidule cha mawu a Chingerezi oti epithelial cell adhesion molecule, kutanthauza kanthu komatanitsa maselo a epitheliyamu. M'chaka cha 2004 msonkhano wa akatswiri okonza mayina a zizindikiro za pamaselo, umene udachitikira ku Adelaide m'dziko la Australia, udaipatsa nambala yoti CD326. M'chaka cha 2007 Patrick Baeuerle ndi Olivier Gires, polemba m'magazini ya British Journal of Cancer, adalimbikitsa kuti onse agwirizane pa mayina awiri okha, EpCAM ndi CD326. Jini yake, imene kale inkatchedwa TACSTD1, tsopano imalembedwa EPCAM.

Akonzi azindikire kusiyana kwa kalembedweku. Polemba EpCAM, ndi p wamng'ono, tikunena puloteni. Polemba EPCAM, ndi zilembo zazikulu zokhazokha ndipo m'mabuku a sayansi zopendekera, tikunena jini, ndiye kuti kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteniyo. Kusintha chilembo chimodzi pofuna kuti tsamba lioneke laudongo ndi kusintha tanthauzo.

4. Kapangidwe Kake

Puloteni iliyonse ili ngati mkanda wotungidwa ndi timikanda totchedwa maamino asidi, amene alipo mitundu 20. Mkanda wa EpCAM uli ndi timikanda 314. Toyambirira 23 ndi kalozera wongosonyeza njira yopita kunkhope ya selo, ndipo amadulidwa puloteniyo isadafike. Totsatira 242 timakhala kunja kwa selo. Tina 23 timapyoza nembanemba yokuta selo, ndipo totsiriza 26 timalendewera m'kati ngati kamchira. Tingaiyerekeze ndi chikhomo chokhomedwa pakhoma, chimene mutu wake waukulu uli kunja koma kansonga kake katulukira m'kati mwa nyumba.

Pagawo lakunjalo pali malo atatu pamene pamamangiriridwa timaunyolo ta shuga, ndipo timeneti timathandiza kuti puloteniyo ikhalitse pankhope ya selo. Gawo lomwelo ndilo limene maantibodi amagwira. Jini ya EPCAM ili pa kromozomu ya nambala 2, pamalo otchedwa 2p21, moyandikana ndi jini ina yotchedwa MSH2. Kuyandikanaku tidzakuona kufunika kwake m'gawo la 7.

5. Kodi Imamatanitsadi Maselo?

Dzina la puloteniyi lidachokera ku kafukufuku wa Sergey Litvinov ndi anzake a ku Leiden m'dziko la Netherlands. M'chaka cha 1994 iwo adatenga maselo a mbewa amene mwachibadwa samatana, nawapatsa jini ya puloteniyi, ndipo maselowo adayamba kuunjikana m'timagulu. Poona zimenezi adati EpCAM ya selo limodzi imagwirana ndi inzake ya selo loyandikana nalo, ndiponso kuti kugwiranaku sikulira kashiamu. Apa idasiyana ndi cadherin, ulimbo wamphamvu wa maselo umene Masatoshi Takeichi wa ku Japan adautulukira, umene sugwira ntchito popanda kashiamu.

Komatu pasadapite nthawi padaoneka zodabwitsa. M'chaka cha 1997 gulu la Litvinov lomwelo lidapeza kuti EpCAM ikachuluka m'maselo amene ali kale ndi cadherin, kumatana kwawo kumafooka m'malo molimba. M'chaka cha 2014 Miha Pavšič, Brigita Lenarčič ndi anzawo a ku Ljubljana m'dziko la Slovenia adajambula maonekedwe a gawo lakunja la puloteniyi, napeza kuti ziwiri zimakumbatirana zili paselo limodzi lomwelo. M'chaka cha 2018 akatswiri a ku Ljubljana komweko adayesa njira zingapo kuti aone ngati EpCAM ya selo limodzi imagwiranadi ndi ya selo lina, koma sadapeze umboni wotere.

Tsono ntchito yake yotsimikizika ndi yotani? Choyamba, EpCAM imagwirana ndi puloteni ina yotchedwa claudin-7, imene ili m'gulu la mapuloteni omanga misoko ija, ndipo imaiteteza kuti isaphwanyidwe. Enzaimu yotchedwa matriptase ikadula EpCAM, onse awiri amakokeredwa m'kati mwa selo ndi kugayidwa. Chachiwiri, kafukufuku wa François Fagotto ndi anzake pamazira a achule adasonyeza kuti EpCAM imachepetsa kukungika kwa timinyewa ta m'kati mwa selo, ndipo potero selo limafewa ndi kutha kusendera pakati pa anzake. Choncho puloteniyi imathandizadi kuti epitheliyamu ikhale yolongosoka, koma imatero polamulira mapuloteni ena, ndipo akatswiri ambiri lero amakayika ngati ili ulimbo payokha. Dzinalo lidakhazikika umboni usadakwane, ndipo lakhalabe chifukwa kulisintha kukadabweretsanso chisokonezo chakale chija. Womasulira amene angalembe kuti EpCAM ndi ulimbo wa maselo adzakhala wamasulira dzina molondola, koma chinthucho wachiphonya.

6. Uthenga Wopita ku Phata la Selo

M'chaka cha 2009 Dorothea Maetzel, Olivier Gires ndi anzawo a ku Munich m'dziko la Germany adafotokoza ntchito ina imene ikukhudza khansa mwachindunji. Iwo adapeza kuti EpCAM imadulidwa kawiri. Lumo loyamba, enzaimu ya ADAM17, limadula gawo lakunja, limene limayoyoka. Lumo lachiwiri, gulu la maenzaimu lotchedwa gamma-secretase, limadula m'kati mwa nembanemba, ndipo kamchira ka timikanda 26 kaja kamamasuka. Kamchirako kamaphatikana ndi mapuloteni ena, monga FHL2 ndi beta-catenin, n'kulowa m'phata la selo m'mene mumasungidwa DNA. M'menemo kamathandiza kudzutsa malangizo olamula selo kugawikana, monga a c-Myc.

Zimenezi zikugwirizana ndi malo amene puloteniyi imachuluka mwachibadwa: m'maselo a mluza wongoyamba kumene, ndiponso m'maselo a pansi pa timaenje ta m'matumbo, amene amabereka maselo atsopano tsiku ndi tsiku. Khansa imabwereka njira yomweyi ya kukula ndi kuigwiritsa ntchito mopanda malire. Ngakhale zili choncho, kuchuluka kwa EpCAM sikutanthauza chinthu chimodzi m'khansa zonse. M'khansa ya m'bere kumayenderana ndi matenda aukali, pamene m'mitundu ina ya khansa ya impso odwala amene zotupa zawo zili nayo amakhalitsa kuposa anzawo.

7. Pamene Jini Yalakwika

Umboni wamphamvu wa ntchito ya puloteni umaoneka puloteniyo ikasowa. Pali matenda osowa a makanda amene adafotokozedwa koyamba m'chaka cha 1994, otchedwa tufting enteropathy. Khanda limayamba kutsekula m'mimba m'masabata oyamba a moyo wake, ndipo kutsekulako sikuleka ngakhale asinthe mkaka. Madokotala akayang'ana kachidutswa ka matumbo ake pamakina okulitsa zinthu, amaona maselo ataunjikana m'timitsitsi m'malo moyalana bwino. Ana otere amadalira chakudya cholowetsa m'mitsempha, ndipo ena amafunika kuikidwa matumbo a munthu wina. M'chaka cha 2008 Mamata Sivagnanam ndi anzake a ku San Diego adasonyeza kuti gwero la matendawa ndi kulakwika kwa jini ya EPCAM. Mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yolakwika kwa bambo ndi mayi omwe; makolowo, pokhala ndi imodzi yabwino, sadwala. Mbewa zochotsedwa jiniyi nazonso zimafa zitangobadwa chifukwa cha kuonongeka kwa matumbo, ndipo claudin-7 imasowa m'matumbo mwawo.

Vuto lachiwiri ndi losiyana kotheratu, ndipo alembi ndi akonzi alimva msanga. Pali matenda a kumtundu otchedwa Lynch, potsata dzina la dokotala wa ku America, Henry Lynch, amene amachititsa anthu a banja limodzi kudwala khansa ya m'matumbo aakulu akadali a zaka zochepa. Kawirikawiri gwero lake ndi kulakwika kwa imodzi mwa majini okonza zolakwa za DNA. Selo likamagawikana limakopera DNA yake yonse, ndipo pokopera pamalowa zolakwa, monga zimachitikira potayipa. Jini ya MSH2 imapanga puloteni imene ili ngati mkonzi wowerenga zotayipazo ndi kuchotsa zolakwa.

M'chaka cha 2009 Marjolijn Ligtenberg ndi anzake a ku Nijmegen m'dziko la Netherlands adafotokoza za mabanja amene adali ndi matenda a Lynch chikhalirecho jini yawo ya MSH2 idali yopanda chilema. Chimene chidasowa ndi mathero a jini yoyandikana nayo, ya EPCAM, pamodzi ndi chizindikiro cholamula kuti kuwerenga kulekere pamenepo. Tinene kuti chiganizo chidataya mpumiro wake. Makina owerenga jini, posapeza mpumirowo, amapitirira mpaka kulowa m'chiganizo chotsatira, ndipo selo limatseka jini ya MSH2 poika zizindikiro zoletsa pachiyambi pake. Mkonzi akatsekeredwa panja zolakwa zimaunjikana, ndipo mapeto ake ndi khansa. Popeza zimenezi zimachitika m'maselo okhawo amene amawerenga EPCAM, chiopsezo chachikulu chimagwera matumbo. Tizindikire kuti pano cholakwa sichili pa puloteni ya EpCAM yeniyeniyo, koma pa kutsekedwa kwa jini yoyandikana nayo.

8. Kuzindikira Khansa

Mayina awiri akale aja, Ber-EP4 ndi MOC-31, akadali amoyo m'zipinda zopimira za m'zipatala, pakuti ndi mayina a maantibodi amene amapakidwa pakachidutswa ka chotupa. Ngati maselo ali ndi EpCAM, amasintha mtundu. Njirayi imathandiza kusiyanitsa matenda ofanana maonekedwe. Mwachitsanzo, khansa ya nembanemba yokuta mapapo, yotchedwa mesothelioma, kawirikawiri ilibe EpCAM, pamene kasinoma ya m'mapapo yofalikira kunembanembako imakhala nayo. Pakhungu, khansa yochokera m'maselo apansi imakhala nayo, pamene yochokera m'maselo aphanthiphanthi ilibe. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa chithandizo cha matendawa si chimodzi.

Ntchito ina ndi yosodza maselo a khansa m'magazi. M'chaka cha 2004 bungwe la FDA la ku America lidavomereza makina otchedwa CellSearch. Magazi okwana mamililita 7.5, m'mene muli maselo ofiira oposa 30 biliyoni, amasakanizidwa ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso tomatidwa ndi maantibodi ogwira EpCAM. Kenaka maginito amakoka tizitsuloto pamodzi ndi maselo amene tagwira, ndipo maselowo amapimidwa ndi kuwerengedwa. Kafukufuku wa Massimo Cristofanilli ndi anzake pa amayi 177 odwala khansa ya m'bere yofalikira adasonyeza kuti amene adali ndi maselo 5 kapena kuposerapo sadakhalitse poyerekeza ndi anzawo. Pa khansa ya prostate malire ndi 5 omwewo, ndipo pa ya m'matumbo aakulu ndi 3. Chofooka cha njirayi n'chakuti maselo ena a khansa, pokonzekera kuyenda, amavula makhalidwe a epitheliyamu ndi kuchepetsa EpCAM, motero amapulumuka mbedza. Makinawa amathandiza kuyeza kukula kwa matenda odziwika kale. Si opimira anthu abwinobwino.

9. Mankhwala Olunjika pa EpCAM

Ganizo la chithandizo chodzera m'chitetezo cha m'thupi ndi lapafupi kulimva. Antibodi ikakakamira paselo la khansa imakhala ngati mbendera, ndipo asilikali a m'thupi amabwera kudzapha selolo. Vuto ndi loti EpCAM ilinso m'ziwalo zabwino. Chiyembekezo cha akatswiri chidali choti m'ziwalo zabwino puloteniyi ndi yochepa ndiponso yobisika kunsi kwa misoko, pamene m'chotupa ndi yochuluka ndipo ili poyera.

Antibodi ya 17-1A ija idasanduka mankhwala otchedwa edrecolomab. M'chaka cha 1994 Gert Riethmüller ndi anzake adalengeza zotsatira za odwala 189 amene adachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo aakulu, ndipo zidaoneka kuti imfa zidachepa pakati pa olandira mankhwalawa. Dziko la Germany lidawavomereza m'chaka cha 1995 ndi dzina la malonda loti Panorex. Koma kafukufuku wamkulu wa odwala 2,761, amene zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2002, adasonyeza kuti kuwonjezera edrecolomab pamankhwala anthawi zonse sikudatalikitse moyo, ndipo malonda ake adali atayimitsidwa kale m'chaka cha 2000. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira za gulu laling'ono zimafuna kutsimikizidwa pagulu lalikulu.

Popeza edrecolomab inkagwira mofooka, ena adapanga maantibodi ogwira zolimba, monga ING-1 ndi 3622W94. Amenewa adafika mpaka m'ziwalo zabwino ndipo odwala ena adatupa kapamba. Mankhwala a solitomab, okokera maselo a chitetezo otchedwa T kumaselo okhala ndi EpCAM, adachititsa kutsekula m'mimba koopsa ndi kusokonekera kwa chiwindi asadafike pamlingo wokwanira kugonjetsa zotupa. Phunziro lidali loti chogwira mofooka sichipha chotupa, ndipo chogwira zolimba chimavulaza mwini thupi.

Njira yozembera vutoli idapezeka posankha malo othirapo mankhwala. Khansa ya m'chifu kapena ya m'malo opangira mazira ikafalikira m'mimba, madzi amadzaza m'mimbamo, wodwala amabanika ndipo amafunika kupopedwa kawirikawiri. Nembanemba yoyala m'kati mwa mimba ilibe EpCAM, choncho maselo okhala nayo m'madzimo ndi a khansa. Horst Lindhofer ndi anzake a ku Munich adapanga catumaxomab, antibodi ya theka la mbewa ndi theka la khoswe. Dzanja lake limodzi limagwira EpCAM, lina limagwira CD3 pamaselo a T, ndipo tsinde lake limaitana maselo ena a chitetezo omeza adani. Imathiridwa m'mimba momwemo kanayi, pamilingo ya mamaikulogalamu 10, 20, 50 ndi 150. Pa kafukufuku wa odwala 258, olandira mankhwalawa adakhala masiku 46 asadafunike kupopedwanso kapena kumwalira, pamene ongopopedwa adakhala masiku 11, potengera wodwala wapakatikati pagulu lililonse. Zovuta zake zidali kutentha thupi, nseru, kusanza ndi kupweteka kwa m'mimba. Mayiko a European Union adavomereza mankhwalawa m'chaka cha 2009 ndi dzina loti Removab, ndipo adali oyamba a mtundu wa manja awiri osiyana kuvomerezedwa. Chilolezo chidachotsedwa m'chaka cha 2017 pa zifukwa za malonda, koma m'chaka cha 2025 adavomerezedwanso ndi dzina loti Korjuny.

Ena adayesa nzeru yomweyo m'chikhodzodzo, pomangirira poizoni wa bakiteriya ya Pseudomonas kukachidutswa ka antibodi ndi kuthira m'chikhodzodzomo. Mankhwalawo, oportuzumab monatox, bungwe la FDA lidakana kuwavomereza m'chaka cha 2021.

Mayina ovuta kutchulawa ali ndi dongosolo lake, lokonzedwa ndi bungwe la World Health Organization. Mathero oti -mab amasonyeza antibodi ya mtundu umodzi yochulukitsidwa. M'dzina la edrecolomab, -col- akuloza matumbo aakulu ndipo -o- akuloza mbewa. M'dzina la catumaxomab, -tum- akuloza chotupa ndipo -axo- akuloza kusakaniza kwa khoswe ndi mbewa. M'chaka cha 2021 bungweli lidasintha dongosololi, ndipo mankhwala atsopano amatha ndi -tug, -bart, -mig kapena -ment, koma mayina akale sadasinthidwe. Pa chifukwa chimenechi mayina a mankhwala ayenera kulembedwa monga aliri, pakuti chilembo chilichonse chanyamula uthenga kwa dokotala.

10. Mawu Otsiriza

Pa zonse tafotokozazi pali mfundo zitatu zoti wolemba nkhani za puloteniyi azisunge. Yoyamba ndi yoti EpCAM si chizindikiro cha khansa chokha. Munthu aliyense wathanzi ali nayo, ndipo khanda losowa puloteniyi silingathe kuyamwa chakudya m'matumbo mwake. Kulemba kuti ndi puloteni ya khansa kukhoza kuopseza wodwala amene waona dzinali pachikalata chake cha kuchipatala.

Yachiwiri ndi yosiyanitsa aneni atatu: kuchiza, kutalikitsa moyo ndi kupepuza. Catumaxomab imapepuza wodwala pochedwetsa kudzaza kwa madzi m'mimba. Siichotsa khansa m'thupi. Masiku 46 m'malo mwa 11 ndi chinthu chachikulu kwa munthu amene watopa ndi singano yopopera, koma mtolankhani akalemba kuti mankhwala ochiza khansa apezeka, banja likhoza kugulitsa katundu wake potsata chinthu chimene kulibe.

Yachitatu ndi yoti dzina la sayansi limasunga maganizo a nthawi imene lidaperekedwa. La epitheliyamu likunenabe za nsonga ya bere, la kasinoma likunenabe za nkhanu, ndipo la EpCAM likunenabe za kumatana kumene akatswiri a ku Ljubljana sadakupeze m'chaka cha 2018. Mphunzitsi pofotokozera ophunzira ake atchule dzinalo monga liliri, kenaka anene m'Chichewa chomveka chimene puloteniyo imachita: imakhala m'nthiti mwa maselo oyala ziwalo, imateteza mapuloteni a m'misoko, imatumiza uthenga wa kukula ku phata la selo, ndipo ikachuluka pachotupa madokotala amaigwiritsa ntchito pozindikira chotupacho ndi polozerapo mankhwala.